ZA KUPAKA UTOTO CIKUTO CA LAMYA YAKALE

Pali nchito ina yaing'ono imene yabuka pakati pathu m'zaka zino, imene makolo athu sanaidziwa, ndipo ngakhale m'sukulu zathu siiphunzitsidwa. Ndiyo nchito yakukonza ndi kupaka utoto cikuto ca lamya ya m'manja, imene ambiri aichula foni. Cikutoco anyamata acichula kava. Munthu akayenda pa msika wa pa boma la Dedza, kapena pa Linthipe, pa Chimbiya ndi pa Lizulu, adzapeza anyamata atakhala pambali pa magome ang'onoang'ono, patsogolo pao pali lamya zotsegula, tizitsulo, ndi zikuto za maonekedwe osiyanasiyana. Kapena wina wa inu owerenga adzati, Kodi kanthu kotere nkoyenera kukalembera nkhani? Ine nditi nkoyenera ndithu; pakuti m'nchito imeneyi muli zinthu ziwiri zofanana pamaso, koma zosiyana kutali. Cina ndico kusunga cinthu kuti cikhalitse; cinzace ndico kubisa cirema ca cinthu kuti cigulidwe. Utoto wace ngumodzi, dzanja lopaka ndi lomwelo. Kusiyana kuli m'mau amene munthu anena popereka lamyayo kwa mnzace.

Tiyambe taona cifukwa cace kanthuka kakhala ka mtengo wapatali kwa ife. Lamya za m'manja nzatsopano m'dziko muno. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa m'caka ca 1995, ndipo ya Celtel inayamba nchito yace m'caka ca 1999. Yomweyi inasintha dzina nikhala Zain m'caka ca 2008, ndi Airtel kuyambira 2010. Masiku oyambawo lamya inali ya akuru a nchito a m'mizinda okha, ndipo ife a kumidzi tinali kulemberana makalata monga kale. Koma pamene inayamba njira yakutumiza ndalama pa lamya, ya Airtel Money m'caka ca 2012 ndi ya Mpamba m'caka ca 2013, kanthuka kanaleka kukhala conyadira ca olemera, nikasanduka cipangizo ca pakhomo monga khasu ndi mtondo. Lero mlimi wa mbatata ya kacewere ku Bembeke afunsa nayo mtengo wa ku Lilongwe asanakweze matumba ace pa galimoto. Mai wokalamba alandira nayo thandizo la mwana wace ali ku Johannesburg. Ndipo usiku ndiyo nyali ndi wailesi ya banja lonse. Koma lamya sizipangidwa kwathu kuno. Zicokera kutali, zambiri ku China, monga za Tecno ndi za itel zimene zadzala m'misika yathu, ndipo zigulidwa ndi ndalama za kunja. Cifukwa cace, pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, mtengo wa zinthu zocokera kunja unakwera kolapitsa, ndipo ambiri a ife tinatembenukira ku lamya zimene ena anayamba agwiritsa nchito, monga momwe tithamangira ku kaunjika pofuna malaya.

Tsono lamya yakale idziwika ndi cikuto cace. Cikuto ca lamya zochipa cipangidwa ndi pulasitiki yolimba, ndipo pa zambiri apakapo utoto wopyapyala ngati khungu la anyezi. Utotowo sutha tsiku limodzi ai. Uyamba kufufutika m'ngondya, pamene lamya ikhulana ndi makiyi ndi ndalama zacitsulo m'thumba, kapena pa mfundo ya nsaru pamene amai aimangirira, thukuta la m'manja ndi mafuta odzola ziufewetsa, dzuwa liusulutsa, pfumbi la m'munda, ndi kwa ife aphunzitsi pfumbi la coko, lilowa m'timing'alu nilitikuza. Zikapita zaka ziwiri kapena zitatu, lamya ioneka ngati mbale yacitsulo yosupuka yomwera nkhuku. Koma apa pali cinthu coyenera kucigwira bwino, pakuti nkhani yonse yatsamira pa ico: ukalamba wa kunja ndi ukalamba wa m'kati suyendera pamodzi. Iripo lamya yosupuka thupi lonse, koma m'kati mwace muli moyo wa zaka zina zambiri. Iriponso yonyezimira ngati yaturuka m'sitolo lero, koma m'kati inafa kale.

Opanga lamya anacidziwa ici kale. M'caka ca 1998 kampani ya Nokia ya ku Finland inaturutsa lamya yace ya 5110 yokhala ndi cikuto cocotseka, cimene mwini anali kusintha ndi zala zace. Ndi ya 3310 ya m'caka ca 2000, imene ambiri a msinkhu wanga aikumbuka, inali yotero. Cikuto cikatha, munthu anangogula cina. Koma lamya zambiri za masiku ano, makamaka zazikuru za galasi zija, anazimata ndi guluu, ndipo sizitseguka popanda kuzifunditsa ndi cipangizo cace. Zina msana wao ndi galasi kapena aluminiyamu. Zotere musaziyese kunyumba, mupite nazo kwa mmisiri. Zimene ndirikulemba pano nza lamya za msana wa pulasitiki wocotseka, zimene zikali zambiri m'midzi mwathu.

Yanga ndi ya mtundu womwewo, ya mabatani, ndipo ndinaigula iri yakale. Itanditumikira zaka zinai, msana wace unayera ngati maondo a mbuzi, kufikira ana a m'kalasi anayamba kunong'onezana ndikaiika pa gome. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina amene ndinamphunzitsa kale mu Sitandade 6, amene tsopano akonza lamya pa msika, nadyetsa mkazi ndi ana ndi nchitoyo. Iye anaitsegula, naiyang'ana m'kati, nati, "Aphunzitsi, musaitaye iyi, m'kati muli bwino, cakalamba ncikuto cokha. Catsopano ca mtundu uwu sicipezekanso, koma mukalola ndikuonetseni mapakidwe ace, mukapake nokha kunyumba." Ndinati, "Mwana wanga, lero mphunzitsi ndiwe." Ndipo ndinakhala pa mpando wa wophunzira masana onse, monga iye anakhala pamaso panga zaka zapitazo. Zimene anandionetsa, ndi zimene ndinaziyesa ndekha pambuyo pace, ndi izi.

Coyamba, zimitsani lamya, mucotse batire ndi simu kadi, mulekanitse cikuto ndi zam'kati. Musapake utoto lamya iri yathunthu, pakuti iri ndi ziboo zace: ca kamera, ca poturukira mau, ca polankhulira cimene ciri cacing'ono ngati diso la singano, ndi ca pobaya chaja. Utoto ukalowa m'menemo, mwakometsa nkhope ndi kugonthetsa khutu. Pamene simufuna kuti utoto ufike mumatepo tepi ya pepala. Ndipo ngati pali tisikuluu, mutisunge m'cibvundikiro ca botolo, pakuti kamodzi kakagwa pa dothi simudzakaonanso.

Caciwiri, tsukani cikuto ndi sopo ndi madzi ofunda, ndipo citauma mucipukute ndi kansaru konyowa ndi spiriti, kuti mafuta a m'manja acoke. Pakuti utoto sugwira pa mafuta. Koma cenjerani ndi thina, ndi petulo, ndi mankhwala aja atsikana acotsera utoto wa m'zikhadabo. Zimenezi zidya pulasitiki, ziifewetsa, niziing'ambitsa. Ngati cikuto ciri ndi mng'alu kale, muumate ndi guluu ca m'kati, osati kunja.

Cacitatu, khulani ndi sandipepa yosalala, ya nambala 600 kapena 800, mutainyowetsa m'madzi. Pano nchito yathu isiyana ndi ya amai oumba mbiya. Iwo akhula mbiya ndi nkhulungo kuti iwale. Ife tikhula kuti kuwala kucoke, cifukwa utoto uterereka pa cinthu cosalala, koma ugwira pa cinthu cokhakhala pang'ono. Musakanikize dzanja. Mukaona kuti kunyezimira konse kwatha, ndi kuti cala sicimvanso malire pakati pa utoto wakale ndi pamene unasupuka, lekani, mutsukenso, ciume.

Cacinai ndiko kupaka kwenikweni. Utoto wa nyumba ndi bulashi sizikhoza nchito iyi. Pafunika utoto wa m'citini copopera, umene ugulidwa m'masitolo a zomangira. Muyambe ndi utoto wa pansi umene amisiri auchula pulaimala, wopangidwira pulasitiki. Pamenepo mubwere ndi wa maonekedwe mufunawo. Gwirani citini kutali ndi cikuto monga utali wa cikhato cotambasula, ndiwo masentimita 20 kapena 25, ndi kuyendetsa dzanja osaima. Pakani mopyapyala katatu, ndi kulinda pakati kuti uume. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Wofuna kutsiriza kamodzi apaka wocindikala, ndipo utoto utsika ngati misozi, cikuto cikana kutseka, ndi mabatani akanirira. Mupewenso utoto wonyezimira wa tizitsulo, wonga siliva. Pakuti pansi pa cikuto pali kamlongoti kogwira netiweki, ndipo citsulo cikhoza kukaphimba, lamya niyamba kusamva bwino, makamaka m'zigwa zathu zino m'mene netiweki ibvuta kale.

Cacisanu, pakanipo vanishi woonekera woteteza utoto, ndipo mulinde masiku awiri kapena atatu musanabwezere cikuto pa lamya. Utoto uuma msanga pamwamba, koma ulimba mocedwa pansi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Nchito yonseyi icitidwe pabwalo, kutali ndi moto ndi ana, pakuti mpweya wace upweteka cifuwa, ndipo uyaka msanga. Musaumitse cikuto pa mbaula, ndi batire musaliike padzuwa kapena pafupi ndi moto, cifukwa batire la lamya likatentha kwambiri lifufuma, mwinanso liphulika.

Ife a ku mapiri tiri ndi lamulo lina loonjeza, limene a ku nyanja salilabadira. Tauni ya Dedza iri pamwamba pa nyanja yamcere pafupifupi mamita 1,600, ndipo m'miyezi ya June ndi July nkhungu itsika pa phiri nikhala kufikira dzuwa litakwera. Utoto wopopera m'mphepo yozizira ndi yacinyezi suuma bwino. Ucita mbuu ngati nkhope ya mwana wosadzola, ndipo ukhala womata m'zala masiku ambiri. Nthawi yabwino ndi September ndi October, dzuwa litakwera pang'ono, pa mthunzi pamene mphepo ya pfumbi siifika. Ine ndinapaka yanga m'mwezi wa September, utoto wobiriwira ngati paini wa pa phiri, ndipo caka cacitatu cino irikugwirabe nchito.

Tsopano ndifunse, kodi nchito yotere njabwino? Nditi njabwino, ndipo si yacilendo kwa ife. Amai athu azira nyumba ndi mtsiro nthawi ndi nthawi. Palibe anena kuti anamiza mudzi, pakuti onse adziwa zaka za nyumbayo. Ku sukulu ya aphunzitsi anatiphunzitsa kuti mphunzitsi wabwino adetsa bolodi lace lisanayere, ndipo pakusowa utoto wa m'sitolo tinali kusinja makala pamodzi ndi masamba a mbatata. Cinthu cosamalidwa cikhalitsa, ndipo mwini wace acilemekeza; koma cooneka cakutha mwana aciseweretsa, ndi mwini acitaya msanga. Ndipo kutaya lamya si kanthu kocepa. Mabungwe a United Nations anawerenga kuti m'caka ca 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo sizinafika limodzi la magawo anai. M'lamya muli mkuwa, ndi golidi pang'ono, ndipo m'batire lace muli kobalti, mwala umene woposa theka lace ukumbidwa ku Congo ndi thukuta la Aafrika anzathu. Kwathu kuno lamya yakufa itayidwa kudzala kapena m'cimbudzi, ndipo mankhwala ace alowa m'nthaka imene tikumbamo zitsime. Cotero munthu amene aonjeza zaka ziwiri pa moyo wa lamya ndi kacitini ka utoto wasunga ndalama za feteleza, nasunganso nthaka.

Koma utoto womwewo uli ndi nchito ina ya mumdima. Caka catha mai wina wamasiye wa m'mudzi mwathu anagulitsa nyemba zace, napita kumsika wina kukagula lamya yolankhulira ndi mwana wace wa kutali. Munthu woyendayenda anamuonetsa lamya yakuda yonyezimira, nalumbira kuti njatsopano, bokosi lace lokha ndilo linatayika pa ulendo. Ndipo maiyo anapereka mtengo wa yatsopano. Atapita masabata awiri anafika kwathu m'mamawa, nakhala pansi pa khonde, nati, "Aphunzitsi, tandionerani kanthu aka, kakana kulowa moto, ndipo msana wace watupa." Ndinati, "Mai, tiyeni nako kwa odziwa." Mnyamata wanga uja ataitsegula, anationetsa zonse poyera. M'kati mwa lamya zambiri muli kapepala koyera kamene kafiira kakakhudza madzi. Ka m'lamya iyi kanali kofiira. Tizitsulo tinali ndi dzimbiri lobiriwira, batire linali lofufuma, ndipo m'mbali mwa mabatani ndi m'ciboo ca chaja munali utoto wakuda, umboni wakuti anaipaka osaitsegula nkomwe. Inali lamya yomira m'madzi, yobvekedwa malaya a ukwati. Wogulitsayo sanaonekenso. Akale anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Komatu mkuyu sudzipaka utoto, ndipo ulibe mlandu. Munthuyu anadya nyemba za wamasiye za dzinja lonse ndi kacitini kamodzi.

Iriponso njira ya mbala, imene isintha cikuto ca lamya yakuba kuti mwini asaizindikire. Cifukwa cace, inu ogula, musacite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama, nunkhizani lamyayo, pakuti utoto watsopano ubisa cirema, koma subisa pfungo lace. Tsegulani msana, muone ngati maonekedwe a m'kati alingana ndi a kunja, muyang'anenso kapepala kaja. Ikani batire pa gome. Likapanda kugona bwino, nilizungulira mukalikankha ndi cala, latupa, ndipo nloopsa. Ikani simu kadi yanu, muimbire mnzanu, mumve ngati mau amveka mbali zonse ziwiri. Muibayenso pa chaja pomwepo. Potsiriza dinani *#06#, ndipo pagalasi padzaoneka nambala yaitali ya malembo 15, kapena nambala ziwiri ngati lamya ilowa simu ziwiri. Nambalayo aichula IMEI, ndiyo dzina la lamya limene utoto sungathe kulisintha. Ilingane ndi yolembedwa pansi pa batire kapena pa bokosi. Ikasiyana, kapena ikakhala yofufutidwa, bwezani lamyayo, mucokepo. Ikalingana, ilembeni m'buku, pakuti apolisi adzaifunsa lamya ikabedwa. Koposa zonse, gulani kwa munthu amene mudziwa pokhala pace.

Ndipo kwa inu ana anga a pa magome a pamsika, amene ambiri munapita m'manja mwathu, ndiri ndi mau awa. Nchito yanu njaulemu, ndipo palibe coipa kulandira mphotho ya utoto ndi ya luso lanu. Lamya yokonzedwa bwino iyenera mtengo woposa yosupuka. Cokhaco, nenani zoona. Mau ace ngocepa: "Iyi njakale, ndaipaka ndine, batire ndasintha, ikabvuta sabata lino, bwerani nayo." Munthu womva mau otere agula ndi mtima wokhazikika, ndipo mawa abwera ndi mbale wace. Koma wonamiza agulitsa kamodzi kokha pa mudzi uli wonse, ndipo moyo wace wonse ukhala wa kusamukasamuka. Pakuti m'misika yathu yaing'ono munthu adziwika ndi mfunda wace, ndi kwao kwa amace. Aononganso mbiri ya anzace okhulupirika, kufikira anthu ayamba kuopa ciri conse conyezimira. Mmisiri weniweni sabisa kuti dzanja lace lapitapo. Akondwa kuti anthu adziwe.

Ndi inu anyamata ndi atsikana amene mucita manyazi kuturutsa lamya yakale pakati pa anzanu, nimubvutitsa makolo kuti agulitse mbuzi, lingalirani bwino. Ngati m'kati muli moyo, sopo, sandipepa ndi utoto zidzacotsa manyazi anuwo pa mtengo wocepa. Ndipo munthu akakufunsani, Kodi njatsopano? muyankhe mosabisa kuti, Ai, njakale, koma ndaisamala. Yankho limeneli lilemekeza munthu koposa lamya ya mtengo wapatali yogulidwa ndi ngongole. Tiyeni tisamale zimene tiri nazo, tizikonze, tizikometse monga tikhoza; koma utoto wathu ukhale woteteza cinthu, usakhale wophimba maso a mnzathu.